Chomatira Dzino Chimene Chinaperepeseka

Panali mayi wina, dzina lake Nankhoma, amene mano ake akuchibwano pafupifupi onse anatha ndi kuzula. Kwawoko dzino likayamba kuwawa, munthu sankati akukaonana ndi dokotala, ankangoti, "Ndikukazulitsa." Motero kumanzere kwa kamwa lake kunatsala nkhama zokhazokha. Kumanja kunatsala mano awiri okumana, lam'mwamba ndi lam'munsi, ndipo chakudya chake chonse chinkadutsa pamenepo.

Kenako lam'munsilo linabooka. Anatsiramo mchere, anafwirikamo fodya, koma ululu sunaleke. Atatopa, anapita kuchipatala.

"Adokotala, zulani basi. Landizunza mokwanira."

Dokotalayo, mayi wa msinkhu wake womwewo, anayang'ana m'kamwamo kwa nthawi ndithu.

"Amayi, ndikazula ili, lam'mwambali lizitafuna ndi ndani? Mukufuna kubwerera ku phala ngati khanda?"

Anamuuza kuti dzinolo lingathe kumatidwa, ndipo zomatira zinalipo ziwiri. China chinali chachitsulo, cholimba, chokhala zaka zambiri. Koma kuti chikhale bwino pankafunika kukumba mofewa monse, ndipo bowolo linali litatsala pang'ono kufika pamtsempha. Chinacho chinali choyera, chosalimba kwenikweni. Chimenechi chimatha msanga, koma masiku onse amene chili m'dzino chimatulutsa pang'onopang'ono mchere wolimbitsa mano, wofanana ndi umene uli m'mankhwala otsukira m'kamwa, ndipo mbali yofewa ya dzino imayambanso kuuma.

Nankhoma anaopa zokumbazo. Anasankha choyera.

Kunyumba mlamu wake anamuseka. Iyeyo anali ndi chachitsulo, ndipo anatsegula kukamwa kuti onse aone.

"Alamu, akupakani laimu wa pakhoma! Changa ichi chinadya nawo maukwati a ana anga onse, sichinagwedezekepo."

Ndipo sankanama. Chitsulocho chinali chitamutumikira mokhulupirika.

Ululu unatha, Nankhoma n'kuyambiranso kudya ngati anthu. Koma m'kupita kwa nthawi lilime lake linayamba kumuuza kuti chomatiracho chikuperepeseka. Tsiku lina akukukuta chimanga chokazinga, anamva kanthu kachilendo m'kamwa. Atalavulira m'manja, anaona kachibenthu koyera, kochepa ngati njere ya mapira. Mtima wake unawawa. Anaganiza za mlamu wake, anaganizanso za phala. Anamanga kachibenthuko pansonga ya chitenje monga umboni, n'kubwerera kuchipatala.

"Si ichi chinthu chanu chija?" anatero akumasula mfundo. "Chandithawa. Tsopano zulani, tisavutane."

Dokotalayo sanatsutse. Anamukhazika pampando, natenga kachitsulo kosongoka, n'kukanda pansi pa bowolo, pamene kale panali pofewa ngati chinangwa chovunda. Nankhoma anagwiritsa mpando, kudikira ululu. Ululu sunabwere. Anangomva kulira kwa chitsulo, ngati supuni pa mbale yadothi.

"Mwamva? Pauma. Kuwola kuja kunaima."

"Ndiye chomatira chinacho chinapita kuti?"

"China munamezera limodzi ndi chimanga chanucho. Koma mchere wake unalowa m'dzino. Tsopano pansi pali polimba, tikhoza kuika cholimba pamwamba popanda kuopa mtsempha."

Nankhoma anayang'ana kachibenthu kaja m'dzanja lake. Njira yonse anali akukanyoza. Manyazi anamugwira, kenako anaseka mpaka misozi.

"Ine ndimati kandithawa, chonsecho kanathera mwa ine. Zikomo, adokotala. Komanso kanthu aka, zikomo."

Tsiku limenelo anatuluka m'chipatala dzino lake lili m'kamwa.

Inu amene mukumva, musapeputse chitsulo. Tonse timafuna anthu olimba, amene amaima pamalo awo zaka ndi zaka osasunthika, ndipo tiyenera kuwathokoza. Koma alipo ena amene timawaiwala chifukwa sanakhalitse. Mphunzitsi amene munakhala naye chaka chimodzi chokha. Azakhali amene anakulandirani pamene kwanu kunali kutavuta, lero mphamvu zinawathera, ndipo mukawaona mumangoti akalamba msanga. Tikamawayesa timafunsa kuti, kodi anatsala ndi chiyani? Funso limenelo n'lolakwika. Gogodani pamene munali pofewa mumve mmene pakulirira, ndipo mudzadziwa kumene mphamvu zawo zinapita. Ngati akadali moyo, pitani mukawauze akumva.