Misomali m'Kabokosi ka Mapiritsi

M'nyumba ya a Nyundo, mmisiri wokhoma madenga, tsiku linkayamba ndi kulira kwa kabokosi. Kanali kapulasitiki, ka zipinda zisanu ndi ziwiri, tsiku lililonse chipinda chake. Akazi awo akamatsuka makapu kukhitchini ankatchera khutu, ndipo akamva wayawaya kuchipinda, kenako tambula ikugunda patebulo, mtima unkakhala pansi.

"Mwamwa, bambo?"

"Simunamve? Kapena ndiziyamba ndaimba mluzu?"

Miyezi iwiri m'mbuyomo, a Nyundo anagwa pantchito, chifuwa chikulemera ngati awasanjikiza matumba a simenti. Mtsempha wina wodyetsa mtima unali utatsekeka. Madokotala anautsegula, n'kuikamo kawaya kopotana kuti usafinyikenso, n'kuwapatsa mapiritsi oletsa magazi kuundana pa kawayako. Lamulo linali limodzi: tsiku lililonse, osadumphitsa.

Asanatuluke m'chipatala, dokotala wina wamkazi, wamagalasi, anakoka mpando n'kukhala pambali pa bedi lawo.

"Bambo, tili ndi kafukufuku. Thupi la munthu limayendera malangizo olembedwa m'kati mwa maselo, omwe timawatcha majini. Tikuyesa mankhwala onyamula langizo latsopano kupita nalo ku minofu ya mtima, kuti mwina isapitirire kufooka ikavulala chonchi."

"Ndiye kuti mundikhoma denga latsopano?"

"Ayi. Sitikudziwa ngati akugwira ntchito, n'chifukwa chake tikufufuza. Theka la anthu lilandira mankhwalawo, theka lina madzi amchere chabe. Ngakhale ineyo sindidziwa chomwe mulandire, zikhala mu envulopu yomata. Koma kaya mulandira chiti, mapiritsi musasiye."

Khutu la a Nyundo linali ndi mlonda pakhomo. Mawu okoma ankalowa mpaka kuchipinda, otsalawo ankadikira pakhonde. Anasaina pepala, madokotala anawalowetsa kapaipi mumtsempha wa padzanja, ndipo patapita masiku awiri thupi linatentha, mafupa n'kumaphwanya.

"Mwaona, mayi?" anatero ali m'bulangeti. "Madzi amchere satenthetsa munthu. Ine andipatsa zenizenizo."

Atabwerera pantchito, mapiritsi aja anayamba kuwanyansa. Lata likangowakanda pang'ono, magazi ankatuluka ngati abaya mbuzi. Akagunda bondo pamtanda, khungu linkada sabata yathunthu. Munthu amene anakhala zaka makumi atatu akuyenda pamwamba pa nyumba za anthu ngati mphaka, lero n'kumayenda ndi thonje m'thumba? Tsiku lina m'mawa anakhuthulira mapiritsi onse m'chimbudzi n'kugujumula. Atayang'ana kabokosi kopanda kanthu kaja, diso la umisiri linaona ntchito yake. Lolemba anaikamo timisomali tating'ono, Lachiwiri tokulirapo, mpaka Lamulungu. Kanali kulira bwino kuposa kale. M'mawa uliwonse ankakagwedeza, n'kumwa madzi, n'kugunditsa tambula patebulo, kenako n'kukaponya m'thumba la ovololo.

Woyamba kuona anali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, amene ankakhoma nawo madenga. Anali pamwamba pa nyumba ina, dzuwa likuwawula malata, pamene a Nyundo anatsegula chipinda cha Lachitatu n'kutapamo misomali.

"Alamu, imeneyo mumameza ingati patsiku? Musanadye kapena mutadya?"

"Gwirani lata, musiye zamwano."

"Mapiritsi ali kuti?"

"Mapiritsi ndi a anthu akale. Ine thupi langa analilembanso, alamu. Inu mukuyendera malangizo a agogo anu, ine atsopano."

"Ndikauza mlongo wanga."

"Kauzeni. Mawa mudzakhome denga ndi iyeyo."

Mlamu anagwira lata, ndipo sanakauze mlongo wake. Nakonso kuchipatala, dokotala wamagalasi akafunsa, a Nyundo ankayankha maso ali gwa: "Ndikumwa, adokotala, ngati mwana womvera." Ndipo kunena zoona ankaoneka bwino. Mabala anasiya kuchucha, makwerero ankawakwera mapazi awiriawiri, ndipo aliyense wowauza kuti achepetse liwiro ankamufunsa ngati mtimawo ndi wake.

Sabata yachisanu ndi chimodzi chitayireni mapiritsi aja, cha m'ma teni koloko m'mawa, ali pansonga pa nyumba yosanja, matumba a simenti aja anabwerera pachifuwa. Dzanja lamanzere linachita dzanzi. Kabokosi kanapulumuka m'thumba, kanagunda lata, misomali n'kumwazika kutsetsereka ngati matalala. A Nyundo anakumbatira mtanda, thukuta lili kamukamu.

"Musaitane anthu," ananong'ona. "Chipita chokha."

Mlamu sanawamvere ulendo uno. Anakuwa, amisiri omanga anathamanga, ndipo munthu amene sanalolepo kuti wina amugwirire makwerero anatsitsidwa pa chingwe, atamangidwa pa chitseko chomwe chinali chisanaikidwe.

Magazi anali ataundana pa kawaya kaja. Madokotala anatsegulanso mtsempha, moyo unatsala, koma mbali ina ya mtima inali itafa ndithu. Tsiku lachitatu dokotala wamagalasi anabwera, akazi a a Nyundo atakhala pampando, kabokosi kong'aluka kali pamiyendo. Mlamu anali atakatola n'kuulula zonse.

"Chifukwa cha zomwe zachitikazi, tinayenera kutsegula envulopu yanu," anatero dokotala. "Munali m'gulu la madzi amchere."

"Nanga kutentha thupi kuja?"

"Mwina chinali chimfine."

A Nyundo anayang'ana kudenga, n'kuona kuti amene anakhoma siling'i ya chipatalacho anapotoza mzere umodzi. Kenako anakweza chibwano.

"Ndiye kuti madenga onse aja ndakwera ndi mphamvu zanga ndekha!"

"Eya, bambo," anayankha akazi awo, osakweza mawu. "Kukwera munakwera ndi mphamvu zanu. Kutsika munatsika ndi za anzanu."

Dokotala anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta nthawi yaitali.

"Kafukufuku akupitirira," anatero pambuyo pake, "ndipo mwina tsiku lina mankhwala amenewo adzathandiza anthu. Koma chomwe tinali nacho m'manja, chodziwika kuti chimagwira, ndi chomwe munataya. Za makwerero muiwale, bambo. Mtima watsalawu sungathe."

"Tiona," anatero a Nyundo.

Anaonadi. Tsiku lomwe anafika kunyumba, masitepe atatu a pakhonde anawapumira kawiri.

Masiku ano kabokosi sikaliranso m'nyumba muja. Akazi awo amaika mapiritsi pachikhatho, n'kuima pomwepo mpaka atamezedwa.

"Tsegulani pakamwa. Kwezani lilime."

"Mayi, ine si mwana."

"Mwana akanamwa."

Kuntchito amapitabe, poti kuwatsekera m'nyumba n'kuyamba nkhondo. Amakhala pa ndowa yovundikira pansi pa mthunzi, tepi m'manja, akuyeza matabwa ndi kukalipira kumwamba: "Alamu, mzere umenewo wapita kwawo! Maso munasiya kunyumba?" Mlamu amayankha kuti akwere adzawongole okha, ndipo a Nyundo amayang'ana makwerero, n'kuyang'ana kumbali.

Msomali umodzi unakanirira m'chipinda cha Lamulungu cha kabokosi kong'aluka kaja. Akazi awo sanauchotse, ndipo kabokosiko anakaika pawindo pomwe amuna awo amakaona akamadzuka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.