Mpando Wakutsogolo wa Galimoto ya Lufeyo

Ana inu mumakonda kundifunsa kumene kunachokera mwambi wa fodya wapachala. Ena adzakuuzani kuti ndi wa makolo akalekale, ndipo sindikangana nawo. Ine ndinaumva koyamba ku Kasungu, pa nkhani ya telala wina dzina lake Lufeyo, amene ankasoka mayunifolomu a pasukulu imene ndinkaphunzitsa.

Lufeyo anakulira kumudzi ku Santhe. Ali wamng'ono, bambo ake, a Gidiyoni, ankamukweza pakaliyala kupita naye kusukulu. Tsiku lina ataona msana wa bambo ake uli thukuta kamukamu pachitunda, anati, "Ababa, ndikadzakula ndidzagula galimoto. Inu mudzakhala kutsogolo, ine ndizidzayendetsa." A Gidiyoni anaseka n'kuiwala. Lufeyo sanaiwale.

Anasoka zaka makumi awiri ndi zisanu, mpaka maso anayamba kufuna magalasi. Kenako anapita kwa munthu woitanitsa magalimoto kuchokera ku Japan, nasankha yoyera, n'kulipira.

"Ifika liti?" anafunsa Lufeyo.

"Masabata sikisi basi, bwana. Ikwera sitima, itsikira ku Dar es Salaam, ilowera pa Songwe. Inu yambani kuphunzira kuliza hutala."

Kuyambira tsikulo munthu anasanduka mlonda wa msewu. Anamanga kashedi pambali pa nyumba, n'kumasesamo m'mawa uliwonse ngakhale munkangogona nkhuku. Chithunzi cha galimotoyo pafoni ankachiyang'ana kuposa nkhope ya mkazi wake, Nachisale. Galimoto yoyera ikadutsa, phazi linkaima lokha pamakina. Sabata ina anasoka mikono ya malaya a ana anga asukulu chadodolido, ine n'kumuseka kuti telala wathu thupi lili ku Kasungu koma mtima uli panyanja.

Kuseka ndinkaseka, koma panali chinthu chosaseketsa. Kale Lufeyo ankapita ku Santhe mwezi ndi mwezi pa minibasi. Tsopano anasiyiratu. Ankawasowa kwambiri bambo ake, ndipo ankanena yekha kuti mtima ukumuwawa, koma ankafuna kuti akadzamuonanso adzamuone akutsika m'galimoto.

Masabata sikisi aja anasanduka miyezi itatu. Lero akuti sitima ikadali panyanja, mawa akuti padoko pali mzere, mkuja akuti pamapepala palakwika nambala imodzi. Mkati mwa kudikirako, mlongo wake Esinati anaimba foni.

"Achimwene, ababa miyendo yatupa, kudimba sakupitanso. Akungokhala pakhonde n'kumafunsa za inu."

"Uwauze apirire pang'ono. Ndinalonjeza kubwera pa galimoto, sindingafike wapansi ngati wabodza."

Nachisale atamva zimenezi anamanga kathumba ka shuga ndi sopo, nakwera minibasi yekha. Anawapeza apongozi ake pakhonde masana, atawonda, kabotolo ka fodya kali m'manja. Anagwada chapatali n'kupereka moni.

"Nanga mwamuna wanu?" anafunsa a Gidiyoni.

"Akudikira galimoto, bambo. Akuti mpando wakutsogolo ndi wanu, palibe adzaukhale inu musanakhalepo."

Mkuluyo anathira fodya pang'ono pachala. Asanafikitse kumphuno, kamphepo kanadutsa n'kumuulutsa yense. Anayang'ana chalacho, naseka mofooka, nathiranso wina n'kufwenkha msangamsanga.

"Mwaona, mayi? Woyamba uja ndimati ndi wanga, koma anali wamphepo. Wanga ndi uyu walowa m'mphunoyu. Mukamuuze mwana wanga kuti galimoto ikadali pachala. Ine ndikufuna nkhope yake. Abwere ngakhale pa njinga, kaliyala ndimaidziwa kale."

Nachisale anakafotokoza zonse osasiyako liwu. Lufeyo anagwetsa misozi, nayamba kulongedza chikwama. Mwatsoka, tsiku lomwelo foni inalira kuti galimoto yadutsa pa Songwe, ifika Lachinayi.

"Masiku atatu okha," anatero akubweza malaya m'kabati. "Tadikira miyezi, tingalephere masiku atatu?"

"Bambo a kunyumba, pitani lero. Galimotoyo idzakupezani," anachonderera Nachisale. Koma mawu ake anangopita ndi mphepo.

Galimoto inafikadi Lachinayi, yokongola kuposa pachithunzi. Lachisanu m'mawa ananyamuka. Nachisale anakhala kumbuyo, pakuti mpando wakutsogolo unali ukadali m'pulasitiki, kudikira mwini wake. M'njira foni inalira kangapo m'chikwama, koma Lufeyo anati woyendetsa wabwino sagwira foni, ndipo adzayankha ndi hutala akafika.

Atakhota kulowa kamsewu ka kumudzi, anaona nthambi zamasamba zitayalidwa modutsa msewu. Mukudziwa kuti kwathu kuno zimenezi zimatanthauza maliro. Lufeyo anachepetsa liwiro, navula chipewa monga mwa mwambo.

"Kaya ndi kwa yani, abale," anatero. "Hutala uja sindilizanso."

Anayenda pang'onopang'ono, akuyang'ana nyumba iliyonse kuti aone pamene pakhala anthu. Nyumba zonse zinali zii, mpaka anafika pakhomo pa bambo ake. Pamenepo ndi pamene amuna anali atakhala pansi pa mtengo, ndipo Esinati anatuluka akulira, manja ali kumutu. A Gidiyoni anali atatisiya m'mawa womwewo, nthawi imene mwana wawo ankapukuta magalasi a galimoto.

Lufeyo anayendetsa galimotoyo zaka zambiri, ndipo ine ndinakwerapo. Koma aliyense ankakhala kumbuyo.

Ndiye ana inu, mwambiwo umati: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Chinthu chimene ukuchiyembekezera sichinakhale chako, ngakhale utachilipira kale. Kudikira si kulakwa, koma usasiye chimene uli nacho lero chifukwa cha chimene chili m'njira. Lufeyo ankaganiza kuti wapachala ndi galimoto yokha. Sanadziwe kuti nawonso masiku a bambo ake anali pachala.