Mlatho wa pa Kambadzo ndi mtapo wa Nagama

Ana inu, mukamva akulu akuti "walira mvula walira matope," musamayese kuti mawuwa anangogwa kumwamba. Anatuluka m'kamwa mwa mayi wina amene miyendo inamuthera panjira ya ku khonsolo.

Mayiyo anali Nagama, woumba mbiya wa kutsidya kwa mtsinje wa Kambadzo. Dothi ankalikumba pa mtapo wa m'mphepete mwa mtsinje womwewo, pomwe ankakumbanso malemu amayi ake. Dothi lotero kunalibe kwina konse m'deralo. Mbiya yake ukaigogoda inkalira kuti ngo! Koma msika unali tsidya linalo, ndipo dzinja lililonse Nagama ankaoloka madzi olekeza m'chiuno, mbiya zili pamutu. Kungoterereka kamodzi, ntchito ya mwezi wathunthu inkasanduka mapale.

"Ine ndatopa," anauza mlamu wake Nasiketi tsiku lina. "Ndikapempha mlatho ku khonsolo."

"Pitani, mlamu, pakamwa muli napo ndinu. Ife tili pambuyo panu."

Ku khonsolo unali ulendo wa tsiku lathunthu wapansi. Kalaliki wolandira mapempho, bambo Mtambalika, anamumvetsera bwinobwino, kenaka n'kumuuza kuti pempho la pakamwa salandira, likhale lolemba. Nagama anabwerera, aphunzitsi a pasukulu n'kumulembera. Ulendo wachiwiri anamuuza kuti pakufunika zala za mabanja makumi asanu. Anayenda khomo ndi khomo, anthu n'kumadinda ndi mwaye wosakaniza ndi mafuta. Ulendo wachitatu akuti mwaye ayi, lamulo likuti inki. Wachinayi panasowa chidindo cha komiti ya chitukuko. Wachisanu anapeza makhansala atagawa kale ntchito za chaka chimenecho, akuti adikire chaka chamawa. Abale inu, kupempha kumatopetsa kuposa kulima!

Chaka chitatembenuka, Nagama anafikanso pakhomo lomwe lija, nsalu ili mbuu ndi fumbi. Bambo Mtambalika anatembenuza mapepala onse n'kugwedeza mutu.

"Lero zakwana, mayi. Latsala tsamba lomalizali. Ndikuwerengereni kaye, chifukwa likunena za malo amene..."

"Bambo, mwandiwerengera zambiri. Taonani zidendenezi mmene zang'ambikira. Ingondipatsani inkiyo."

"Mayi, tsambali ndi lofunika."

"Inki, bambo."

Kalaliki anakankha inki ija, Nagama n'kudinda chala chake pamwamba pa tsambalo. Tsiku limenelo anabwerera kwawo akuimba.

Patapita miyezi inayi, kunabwera anthu oyeza malo ndi zikhomo zopaka penti wofiira. Anayenda kumtunda, anayenda kumunsi, n'kupeza kuti mtsinje ndi wopapatiza pamalo amodzi okha. Zikhomo zija anazikhoma pa mtapo wa Nagama. Iye anaziona tsiku lomwelo. M'mawa mwake anauyambanso ulendo uja, wachisanu ndi chiwiri.

"Bambo, ndinapempha mlatho, sindinapemphe kuti mundikwirire mtapo. Ndidzaumba ndi chiyani?"

Bambo Mtambalika sanakalipe. Anatulutsa tsamba lomaliza lija n'kuliyala patebulo.

"Ndi zomwe ndinkafuna kukuwerengerani, mayi. Pano akuti opempha avomera kupereka malo alionse amene oyeza asankhe, ndipo amene wadinda sangabweretsenso dandaulo pa ntchito yomweyo. Mukanatiuza za mtapo musanadinde, makhansala akanakambirana. Pano ntchito yaperekedwa kale."

Nagama anayang'ana chidindo cha chala chija pa tsambalo. Chinali chake ndithu, ndi chipsera chomwe cha phale limene linamucheka ali mtsikana. Anafuna woti amukalipire koma sanamupeze.

Tsiku limene chigalimoto chinayamba kukhuthula miyala pa mtapo, kunagwa mvula yoyamba. Anthu ankalulutira, ana akuthamangathamanga. Nagama anangoima poteropo, madzi ofiira akumudutsa m'mapazi, mpaka Nasiketi anabwera kudzamugwira dzanja.

"Mlamu, tiyeni kunyumba. Taonani matope mwadzolawa."

"Asiyeni, mlamu," anayankha motsitsa. "Amene ndinkalira ndine. Walira mvula walira matope."

Mlatho unamangidwa, wolimba bwino, ndipo ngolo zinayamba kuoloka ngakhale m'mwezi wa Febuluwale. Nagama nayenso ankaoloka pouma, koma pamutu popanda kanthu.

Ndiye mwambiwu ukutanthauza kuti chabwino chilichonse chimene munthu ukupempha chimabwera ndi zovuta zake, ndipo sungalandire chimodzi n'kukana chinzake. Akulu sakuti muleke kupempha, ayi, mvula timaifuna tonse. Akungoti musanatambasule dzanja, ngakhale mutatopa chotani, khalani pansi mufunse kuti matopewo adzagwera pakhomo pa yani. Nagama anayenda maulendo asanu ndi limodzi osadandaula, koma analephera kudikira kuti amuwerengere tsamba limodzi.