Odi wa ku Nkhungu Yofiira

"Malizani, ukamva odi kuchokera ku Nkhungu Yofiira, usayankhe. Kaya alire, kaya akutchule dzina, usanene kuti lowani."

Anatero mayi Nangondo kwa mwana wawo. Tsono anthu amenewa, ana inu, sanali amnofu ngati ife. Makolo awo anavula matupi kalekale ngati malaya othina, n'kuthira maganizo awo m'zombo zouluka pakati pa nyenyezi. Chombocho ndiye anali munthuyo. Mayi Nangondo chinali chichombo choti kuchoka kumphuno kukafika kumchira unkayenda masabata awiri, nsapato n'kutha. Malizani kanali kachombo katsopano, konyezimira utoto, kamwano.

"Si inu nomwe mumati mlendo akaodira tizimulandira?" kanafunsa.

"Kumene kuja n'kumanda, mwanawe. Zombo zake zinadyeka ndi dzimbiri koma eni ake sanafe. Akadali m'katimo, akufuna thupi latsopano. Sangalowe mwa iwe pokhapokha utawauza wekha. Wamva?"

"Ndamvaaa," kanatero, injini zikung'ung'udza.

Tsiku lina mayi akuwotha nyenyezi kuti adzaze mabatire, kaja kanazimitsa magetsi, nyang'anyang'a, kenako fyuuu, ulendo wa ku Nkhungu Yofiira.

M'nkhungumo munali zii. Zombo zinangoti mbwee, zong'ambika mimba, mawaya ali lendelende, mawindo ali tong'o ngati maso a nsomba youma. Wailesi ya Malizani inayamba yokha. Tsss. Tsss.

"Odiii."

Malizani anakumbuka mawu a mayi ake. Anakumbuka ndithu.

"Odi kumeneko. Kodi si Malizani uyu? Koma ndiye wakula. Utotowo wakukhala bwanji."

Mawu ake anali okalamba, onjenjemera, ochokera m'chigoba china chopanda phiko lakumanzere.

"Ndinu ndani?" Malizani anafunsa.

"Agogo ako ine. Kuno kukuzizira, mdzukulu wanga. Ndingowotha pang'ono pa injini yakoyo, basi."

"Amayi anakaniza."

"Ooo, anakaniza. Pepa, ndimayesa ndikuyankhula ndi mnyamata, kani ndi khanda. Bwerera akakubereke."

"Khanda ndani? Lowani muone injini zanga!"

Ana inu, mawu amodzi okhawo. Chinthu chozizira chinayamba kukwawa m'mawaya mwake, kuchokera kumchira, pang'onopang'ono, chikutsegula zitseko ngati mwini nyumba. Phiko linagwedezeka iye osaliuza. Anati athawe, injini sizinamumvere. Anati akuwe, pa wailesi yake panatuluka kuseka kwa nkhalamba. Kenako mdima.

Potsegula maso anaona kachombo konyezimira kakupita uko, kakuchepa, kakuchepa. Linali thupi lake. Iye anali m'chigoba cha dzimbiri chija, mozizira.

Kachombo kaja kanafika kwa mayi Nangondo.

"Unali kuti?"

"Pafupi pomwepa, mayi. Pepani kwambiri."

Mayi anakayang'anitsitsa. Malizani chibadwire anali asananenepo pepani. Ndipo kankauluka mopendekera kumanzere, mapiko onse ali bwinobwino.

"Mwana wanga wamusiya kuti?"

Kaja kanaseka ndi mawu a nkhalamba, n'kulowera kumdima.

Mayi anathamanga, injini zonse psuu, mpaka m'mphepete mwa nkhungu ija.

"Malizani, uli pati?"

"Odi amayi, ndine pano."

"Ayi amayi, akunama uyo, ndine kuno."

"Amayi, kukuzizira. Odi."

Zigoba zonse, mazanamazana, zinali zitaphunzira kale mawu ake. Chilichonse chinkalira ngati Malizani, ndipo chimodzi mwa izo chinali iyeyo ndithu. Mayi akanati lowani, akanalowa ndani?

Mpaka pano akuzungulirabe nkhungu ija, chichombo chonse chija, akumvetsera, osayankha.

Ndiye inu amene mumati "ndamvaaa" mukuyang'ana kumbali, ndakuonani. Kumene mwaletsedwa musapiteko, ndipo mlendo amene makolo anu sakumudziwa musamutsegulire, ngakhale akutchuleni dzina, ngakhale akunyogodoleni kuti ndinu makanda. Malizani akadaodirabe, ndipo mayi ake omwe sangamuyankhe.