Mjigo Umene Unalambalala pa Kadoko

M'mawa uliwonse Faness ankasefa madzi a mumtsinje wa Bua ndi kansalu koyera, ndipo m'mawa uliwonse kansaluko kankatsala kofiirira ngati kagwera m'chithaphwi. Mwana wake, Luka, anali atangosiya kuyamwa, ndipo chisiyireni bere m'mimba mwake simunakhazikikepo. Akangolira pang'ono, Faness ankasiya chilichonse, kumugwira paliwombo, kumuyang'ana m'maso, kumutsina khungu kuti aone ngati libwerera. Chimene ankalakalaka chinali chimodzi basi: madzi a pamjigo, pafupi, mwana akule.

Mudzi wa Kadoko, cha ku Kabudula, ndi waung'ono moti tambala mmodzi amadzutsa onse. Komabe uli pawiri. Kumtunda, m'mbali mwa msewu wafumbi, kuli mbumba ya Nabanda, mayi amene anayamba kuswa mphanje pamalopo kalekale, mvuu zikadali kudya chimanga m'minda. Faness anali wa mbumba imeneyo. Kumunsi, kugombe, kuli mabanja amene anafika esiteti ya fodya itatsekedwa, matenanti osowa kolowera, ena a ku Dedza, ena a ku Ntchisi. Atapempha malo anapatsidwa dambo la udzudzu limene eni mudzi sankalifuna, iwo n'kulisandutsa madimba. Ana anabadwa, ana a anawo nawonso anabadwa, mpaka utsi wa kugombe unachuluka kuposa wa kumtunda. Koma dzina silinasinthe. Akumtunda ankawatchabe obwera, ndipo ngakhale kumanda anawapatsa mbali yawoyawo, kuseri kwa nsungwi.

Kugombeko kunkakhala Bridget, amene anaphunzira kalasi limodzi ndi Faness ku sekondale. Kusukulu Faness ndiye ankakhoza. Kumudzi Bridget ndiye ankakolola. Matimati ake ankagulidwa akadali m'dimba, ndipo nyumba yake inali itavala malata. Faness ankaona zonsezi ali pakhonde, maso ali tcheru ngati nkhuku ya anapiye. Ankadziwa tsiku limene Bridget wagula chitenje, ankadziwa ndi tsiku limene wakazinga nyama, chifukwa mphepo ya kumtsinje siisunga chinsinsi.

"Koma mayi uja ali ndi manja," anatero mwamuna wake, Gladson, tsiku lina akutsuka khasu.

"Ndiye pitani mukakwatire manjawo, bambo a Luka. Njira mukuidziwa."

"Aa, ndangoyamikira mpiru, inu."

"Mpiru mumauyamikira mukumwetulira chonchi, eti?"

Mwana woyamba wa Bridget anamwalira ndi matenda otsegula m'mimba, ndipo anagona kuseri kwa nsungwi kuja. Kuyambira pamenepo Bridget anayenda pa njinga ofesi ndi ofesi, mpaka bungwe lina linavomera kudzakumba mjigo. Mbiri inamveka kuti udzakhala pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi nyumba ya Bridget, poti kumeneko ndiko kunali nyumba zambiri. Faness anakondwa tsiku limodzi lokha. Mawa lake anamva amayi kutchalitchi akunena kuti "mjigo wa Bridget," ndipo mawuwo anamubaya ngati munga wa nsomba. Anadziona akutsika ndi ndowa m'mawa uliwonse, kukapereka moni pakhomo la malata, iye mwana wa mwini nthaka.

Tsiku limene anthu a bungwe anabwera kudzaona mudzi, amfumu anali ku maliro kutsidya, amuna ambiri ali kokagulitsa fodya, Bridget ali ku msika wa Nsaru. Alendowo anafika awiri pa njinga yamoto, mayi ndi bambo, n'kuima pa nyumba yoyamba ya pamsewu, ya Faness.

"Mayi, tithandizeni," anatero mayi wa bungweyo atalandira mpando. "Mjigo timaupereka pamene pali mabanja okwanira. Kodi nyumba zonse mpaka kumtsinje uko ndi za Kadoko?"

Faness anakonza mbereko imene inali yokonzeka kale. Mumtima anati, akangodziwa kuti eni mudzi tili kuno, mjigo ukwera kumtunda.

"Kadoko weniweni ndi kuno," anayankha motsitsa mawu. "Awo ndi obwera. Tinangowasunga. Ali ndi kwawo."

"Koma amene anabwera kuofesi kwathu amakhala kumeneko."

"Ee, kuyankhula ndiye amatha. Koma malo a pa mangowo si awo. Mukafuna afunseni amalume."

Amalume akewo, a Jameson, anali pamthunzi akusoka mphasa. Anali munthu wopanda chifukwa ndi aliyense, ndipo mpiru wa kugombe ankadya tsiku ndi tsiku. Koma mbiri ya mudzi ankaikonda kuposa fodya wawo wa chingambwe, ndipo wowafunsa za makolo ankakhala wawatsegula pakamwa.

"Obwera, inde," anatero mokondwa. "Ndinawaona ndi maso angawa akufika, mitolo pamutu. Dambo lija amayi anga aakulu anangowabwereka. Kubwereka, osati kupatsa. Ngakhale kumanda sitisakanizana."

Kwa a Jameson imeneyo inali nkhani ya kale, yokoma kukamba. Kwa alendowo inali nkhani ya lero. Anayang'anizana. Bambo wa bungwe uja anawerenga madenga a kumtunda ndi chala, ndipo sanachedwe kumaliza. Onse awiri anatsazika mwaulemu, osatsikira n'komwe kugombe.

Faness anadikira. Anasesa ngakhale kabwalo kena kuseri kwa nyumba yake, malo athyathyathya oyenera mjigo. Mu Okutobala chigalimoto chokumba chinatulukira pamsewu, ana akuchithamangira, amayi akululutira. Faness anaima pakhonde, Luka ali kumsana. Chigalimotocho sichinachepetse n'komwe liwiro. Chinawathira fumbi n'kupitirira, kukaima mudzi wachitatu kuchokera pa Kadoko.

Madzulo ake Bridget anakwera kumtunda, fumbi la kuofesi likadali kumapazi. Sanakhale pansi.

"Make Luka, ndapita kukafunsa. Akuti mabanja a Kadoko ndi ochepa, ndipo malo a pa mango ali pa mkangano. Akuti anawauza ndi mayi wa nyumba ya pamsewu, wa mwana kumsana."

"Ine ndinangonena mbiri ya mudzi."

"Mbiri." Bridget anaseka, koma m'maso munali mouma. "Ine mchombo wanga unagwera pano. Mwana wanga ali m'nthaka yomwe ino. Ndibadwe kangati kuti ndikhale wa pa Kadoko?" Anayang'ana Luka, amene ankasuzumira paphewa la mayi ake. "Mjigowo sindinkafunira wanga, Faness. Wanga sadzamvanso ludzu."

Anatembenuka n'kutsika. Gladson, amene anamva zonse ali kuseri kwa nkhokwe, sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ndiye mwanayu amwa chiyani?" Funso limenelo linamupweteka Faness kuposa mbama.

Faness anayesa kukatunga ku mjigo watsopano uja. Ulendo wake unali wodya m'mawa wonse, ndipo akafika eni mjigo ankayamba ndiwo, iye n'kudikira kumapeto, dzuwa likumuwotcha mwana kumsana. Ndowa imodzi sinkafika madzulo. Amayi a kumtunda, abale ake enieni, anasiya kumuitana popita. Akamuona akubwera nkhani inkaduka. Mvula itayamba njira inasanduka phala, ndipo Faness anabwerera ku Bua, amene tsopano anali atasefukira, atanyamula zonyansa za midzi yonse ya kumtunda kwake. Ankawiritsa madziwo nkhuni zikapezeka zouma. Sizinkapezeka masiku onse.

Mu Januwale Luka anadwala kuposa kale lonse. Maso analowa, liwombo linagwa, kulira kunasanduka kamawu ka mwana wa mphaka. Anamugoneka kuchipatala, botolo la madzi likudonthera m'kadzanja kake, ndipo Faness anakhala pambali pa bedi akuyang'ana dontho lililonse, osaphethira. Mwana anapulumuka, koma anatuluka wopepuka ngati mtolo wa udzu, miyendo imene inayamba kuthamanga itaiwala kuima.

Powatulutsa, namwino anamugwira Faness paphewa. "Mayi, mwanayu akabweranso chonchi sitidziwa. Muzimupatsa madzi a pamjigo. Kwanu mjigo ulipo, eti?"

Faness anangomanga mwana wake kumsana, n'kuyamba ulendo wobwerera ku mtsinje womwe uja. Nsanje yake inaponya mwala kugombe, koma mwalawo unagwera mumtsuko wa m'nyumba mwake. Akulu sananame pamene anati choipa chitsata mwini.