Mwininkhani wa Ziganizo Zanga

Linali Lachisanu masana, anthu atabalalika kumzikiti, pamene ndinafika pakhomo pa Shehe Thabiti ku Nkhotakota, Allah awachitire chifundo. Ndinawapeza pakhonde akumata chubu cha njinga, ndipo akazi awo, mayi Saujati, anandiyalira mkeka. Ndinali nditangopuma kumene pantchito nditaphunzitsa Chichewa zaka makumi atatu, koma ndinkayendabe ngati choko chikadali m'manja.

Titalonjerana, ndinafotokoza chimene chinandiyendetsa. Mwana wanga Rukiya, yemwe amakhala ku Mzuzu, anali woyembekezera, mwezi wachisanu ndi chitatu. Pa mimba yoyamba anapita padera. Ndinkamuimbira foni kasanu ndi kawiri pa tsiku kumufunsa ngati mwana akusuntha, kufikira analeka kuyankha. Panali patatha masiku asanu ndi anayi ndisanamve mawu ake. Mwamuna wake ndiye ankangotumiza uthenga wakuti ali bwino.

"Za kudalira Allah ndikuzidziwa, a Shehe, ndinaziwerenga," ndinatero. "Musandibwerezere zimenezo. Ndikufuna duwa, pemphero loti maganizowa andichoke, chifukwa ngakhale popemphera swala ndikumaiwala kuti ndawerama kangati."

Shehe anapukuta m'manja nati, "Aphunzitsi, maganizo yanuwa ndi olemeradi."

"Maganizo anuwa," ndinawadula mawu. "Osati yanuwa. Dzinalo ndi la gulu la Li-Ma."

Mayi Saujati anayang'ana pansi. Pamenepo mpamene ndinadzimva ndekha. Munthu amene anatsogolera swala pa maliro a mwamuna wanga ndinali nditamukonza ngati mwana wa Sitandade 4, pakhonde pake pomwe, pamaso pa mkazi wake.

Koma iwo anamwetulira. "Allah akulipireni zabwino. Lilime la kuno kwathu ndakalamba nalo. Poti mwayamba kundiphunzitsa, malizani. Chija mumati mwininkhani m'chiganizo n'chiyani?"

"Ndi amene akuchita zimene mneni akunena," ndinayankha motsitsa mawu.

"Tandiuzani tsono ziganizo zimene zikukusowetsani mtenderezo, monga momwe zimabwerera."

Sindinavutike kuzikumbukira, pakuti ndinkazibwereza koposa momwe ndinkawerengera mikanda ya tasibihi popemphera. "Kodi mwana adzabadwa wamoyo? Kodi magazi adzapezeka kuchipatala? Kodi mvula sidzadula msewu tsiku lomwelo?"

"M'choyambacho mwininkhani ndani?"

"Mwana."

"M'chachiwiri?"

"Magazi. M'chachitatu, mvula."

"Mwina makutu anga akalamba," anatero Shehe. "Inuyo mwatchulidwa pati?"

"Palibe. Koma a Shehe, ndine mayi wake!"

"Zoonadi, ndipo palibe angakulandeni umayi wanu. Pangani tsono ziganizo zimene mwininkhani wake ndi inu."

Ine amene ndinkakwapula pathebulo mwana akachedwa kuyankha, ndinayamba kuwerengera pa zala ngati mwana wasukulu. Shehe anabwerera ku chubu chawo, nachiviika m'beseni kuti aone ngati chikutulutsabe mpweya.

"Ndingasoke matewera," ndinatero potsiriza. "Ndingamupempherere kwa Allah. Ndingakwere basi akandiitana."

"Zitatu. Palibenso china? Ngakhale cha nthawi yapita?"

Ndinachidziwa chiganizocho. "Ndamusenzetsa mwana wanga mantha anga, iye ali kale ndi ake."

Misozi inagwera pamkeka. Mayi Saujati anandisendezera kansalu. Rukiya anataya mwana, ndipo kasanu ndi kawiri tsiku lililonse ine mayi wake ndinkamukumbutsa zimenezo, ndikumati ndi chikondi.

"M'chiganizo chimenecho sindikuonamo chokonza," anatero Shehe. "Ndipo ubwino wake ndi wakuti mwininkhani wake ali moyo, angathe kupepesa. Lero lomwe mulembereni Rukiya mawu ochepa, othera ndi mpumiro, osati mfunsiro. Musamufunse kalikonse, ngakhale chifukwa chimene sakuyankhira."

"Nanga akapanda kuyankha?"

"Mwininkhani ndani?"

Ndinaweramitsa mutu. "Rukiya."

"Mwaona kuti simuchedwa kugwira," anatero akuseka pang'ono. "Duwa ndikupatsani, koma sindikunamizani kuti maganizo sadzabweranso. Adzabwera mawa lomweli, mwinanso musanafike kunyumba. Akafika, achongeni monga munkachongera makope a ana. Mukapeza kuti mwininkhani ndi inu, dzukani muchite. Mukapeza kuti si inu, dziwani kuti kope limenelo si la kalasi yanu, ndipo libwezeni kwa Mwini wake. Ine mungandikonze tsiku lililonse, aphunzitsi, ndipo ndidzathokoza. Koma mwana, magazi ndi mvula zili m'manja mwa Allah, ndipo Iye sanalembepo chiganizo chodikira kuti inu mukonze."