Mtedza Wotsala M'nthaka

Linali tsiku la msika ku Nselema, nyengo yokumba mtedza, pamene Che Jawadu analowa m'tiyirumu momwe ndinkamwa tiyi ndi mphunzitsi wanga, Shehe Imedi Mkwanda, Allah awachitire chifundo. Shehe anali atangogulitsa mbande zawo za anyezi, ndipo ankadikira Swala, pemphero la masana. Munthu wosawadziwa sakanaganiza kuti awa ndiwo ankatiphunzitsa ife aphunzitsi a madrasa, poti matope a kudimba anali adakali m'zikhadabo zawo.

Che Jawadu anali mlimi wamkulu m'deralo, mwini ngolo ziwiri. Kuumira ayi, sanali oumira, koma ankakonda kuti zabwino zawo zizimveka patali. Tsikuli nkhope inali yakugwa. Anapereka salamu, anakhala pabenchi, ndipo tiyi amene anawathirira anazizirira m'kapu.

"Shehe, ndabwera mtima ukuwawa. Mutiweruze ine ndi alamu anga."

"Kuweruza n'kwa Mwini wake, Che Jawadu," anatero Shehe. "Ine changa n'kumva. Fotokozani."

Alamu awowo anali Abiti Sumani, mkazi wa malemu mng'ono wawo, amene anatsala ndi ana amasiye. Mayiwa ankaphika futali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, ndipo alimi olawirira ndi tomato ndi mpiru ankadyera pamenepo. Ndinadyako inenso, sindinama, mbatata ija ankaitendera bwino zedi. Koma mtedza wogula sakanaukwanitsa. Nsinjiro zawo zinkachokera m'kukunkha: eni munda akakumba n'kuchoka, iwo ankalowa ndi kakhasu ndi lichero kufukula wotsalira m'nthaka, monga amachitira osowa kwathu kuno.

"Akukunkha m'munda mwanga, Shehe!" anatero Che Jawadu. "Alamu anga enieni, kumapalasa m'mizere yanga ngati nkhuku! Mumsika muno anthu akundiseka, ati Jawadu anataya ana a m'bale wake. Chonsecho ndinawapititsira thumba lathunthu la mtedza, iwo n'kulibweza. Ndiye ndaganiza chonchi. Mawa tikukumba munda wa kudambo. Ndiikapo mlonda, pasaoneke wokunkha ndi mmodzi yemwe. Zikawathina, thumba langa alilandira. Ndikufuna mundiuze kuti sindikulakwa."

Ine mtima unandipweteka. Munda wa kudambowo ndiwo unali waukulu m'mudzi monse, ndipo popanda kukunkhamo, moto wa pansi pa mango uja ukanazima, ana n'kugona ndi njala. Mawu anandifika pakamwa, koma pamaso pa mphunzitsi wako lilime umalimanga.

Shehe anafunsa modekha, "Thumbalo linapita bwanji?"

"Pa ngolo yanga."

"Munakalitsitsa kunyumba kwawo?"

"Ayi, pamalo pawo pophikira. Linali tsiku la msika ngati lero."

"Anthu analipo?"

"Ambiri, akudya. Ndinalankhulako mawu pang'ono, kuti onse amve kuti banja lathu silitaya amasiye."

"Nanga iwo anati chiyani?"

Che Jawadu anayang'ana pansi. "Anagwada n'kuthokoza. Koma pofika madzulo thumba lija ndinalipeza pakhonde panga, losamasula. Si kunyada kumeneko, Shehe? Sadaka, mphatso yothandizira osowa, munthu amakana?"

Shehe anapukusa kapu m'manja. Panja wina ankaitanira malonda a nzimbe.

"Mwavulala, Che Jawadu, ndikuona, ndipo sindikukayika kuti anawo mumawakonda," anatero. "Koma taganizani. Pansi pa mango paja alamu anu ndi eni malonda. Anthu amawapatsa ulemu, amapempha kuti awaonjezere msuzi. Inu munawagwaditsa pamaso pa anthu omwewo. Mbale zimene zinali m'manja mwawo tsiku limenelo zinasanduka mbale za wopemphetsa. Akamakunkha amawerama, inde, koma amaweramira nthaka, ndipo nthaka sipita kumsika kukanena kuti yapatsa ndani."

Che Jawadu anavula kofia n'kuivalanso. Ndinawamvera chisoni, chifukwa anali atabwera kudzafuna wowaikira kumbuyo, ndipo anali munthu wosazolowera kubwerera chimanjamanja.

"Ndiye nditani, Shehe? Ndizingokhala, anthu akundiseka?"

"Kusekedwako senzani inuyo, mapewa muli nawo. Alamu anu anasenza kale ana. Mawa mlonda asapite kumunda. Aganyu akumbe monga amakumbira, koma mizere ya kumalire, kumene alamu anu amalowera, muikumbe nokha, ndipo muikumbe ngati munthu waulesi. Khasu lingodutsa pamwamba, mtedza wambiri utsale pansi. Aganyu akakunenani kuti mwakalamba, muvomere."

Che Jawadu anaseka pang'ono, koma m'maso munali mutalengeza misozi. Anafunsa ndi mawu otsika, osakhala a mwini ngolo ziwiri:

"Nanga alamu anga adzadziwa bwanji kuti ana a mng'ono wanga sindinawataye?"

"Sadzadziwa," anatero Shehe. "Adzati chaka chino nthaka yawakomera mtima, ndipo adzathokoza Allah, amene ndiye woyenera kuthokozedwa. Pali kuti anawo adye, pali kuti inu mudziwike. Mawa zonse ziwiri sizitheka, sankhani chimodzi. Ndipo tikakumana ku mzikiti Lachisanu, chimene mwasankhacho ngakhale ine musandiuze."